Funsani Tikuyankheni: Anthu apantchito ku Joni akuithawiranji ANC?

FUNSO: Akonzi, ine ndili ku Germiston zaka 6 tsopano, ndimawotcherera zitsulo pa fakitale ina. Nditangofika anzanga onse anali a ANC mpaka Lachisanu amabwera atavala malaya achikasu aja, koma pano ena ndi a MK ena akuti sadzavotanso ndipo ukangotchula Ramaphosa amatsonya. Chavuta nchani kwenikweni? Wowerenga, Germiston.

YANKHO: Achimwene, zomwe mukuona pa fakitale panupo ndi zomwe zinaoneka pa chisankho cha pa 29 May 2024, ANC yomwe inkakokera pafupifupi 70 peresenti mu 2004 inagwera pa 40, mipando 159 mwa 400 ya m'nyumba ya malamulo, koyamba kukanika kulamula yokha chiyambire 1994.

Ine ndimati banja linayamba kugwedezeka ku Marikana. Pa 16 August 2012 apolisi anawombera nkupha anthu 34 ogwira mu mgodi wa Lonmin omwe amanyanyala ntchito kufuna R12,500 pamwezi, ndipo Ramaphosa nthawi imeneyo anali mu bodi ya kampaniyo, yemweyo amene anali mlembi wamkulu woyamba wa NUM, yuniyoni ya anthu a m'migodi, mu 1982. Taganizani mmene zinawawira. Ambiri anatuluka mu NUM kulowa AMCU, yuniyoni inanso ya m'migodi, kenako mu December 2013 NUMSA, yuniyoni ya inu azitsulo, inati ife kampeni ya ANC tasiya, chaka chotsatira COSATU, mgwirizano wa mayuniyoni womwe ndi bwenzi la ANC, nkuyithamangitsa.

Zinazo mukuzidziwa kuposa ine. Ulova wodutsa 32 peresenti mu 2024, magetsi kuzimazima chaka chonse cha 2023 mpaka mashifiti kudulidwa, R370 ija boma limapatsa malova pamwezi, yomwe imatha usanatuluke mu shopu. Wobadwa 1995 ukamuuza za Mandela amamvetsera mwaulemu ndithu koma lendi ikumudikira.

Koma apa mpamene ambiri amaphonya. Anthuwa sanathamangire ku DA, chipani chomwe chinali chachikulu pa zotsutsa boma, ayi, DA inali pa 21 peresenti mu 2019 ndipo mu 2024 inangokwera pang'ono kufika 22. Ngakhale EFF ya Malema inatsika. Amene anadya bwino ndi MK ya Jacob Zuma, chipani chomwe anachilengeza mu December 2023 nkutenga mipando 58 patangotha miyezi 5, ku KwaZulu-Natal mpaka 45 peresenti, ndiye mukafufuza bwino anzanu a MK-wo ambiri ndi Azulu ndipo akakuuzani kuti ANC yeniyeni ndi yawoyo, amene anachoka ndi Ramaphosa osati iwo. Chipani chomwe NUMSA inayambitsa yokha chinapikisana mu 2019 osapeza mpando ngakhale umodzi, zomvetsa chisoni koma nzoona.

Gulu lalikulu ndi la aja akuti sadzavotanso. Mu 2019 anavota 66 mwa 100 alionse olembetsa, mu 2024 anatsika kufika 59, osawerengera achinyamata omwe sanalembetse nkomwe.

Chokukhudzani inu nchakuti mavoti a anthu okwiya amasakidwa ndi aliyense, ndipo njira yachidule nkuloza chala obwera. Patriotic Alliance ya Gayton McKenzie inachita kampeni ndi mfuwu wa "abahambe", kutanthauza kuti azipita, nkupeza mipando 9. Ndiye mkangano wa ndale ukabuka pa nthawi ya tiyi inu muzingomwa tiyi wanuyo, mapepala anu akhale m'thumba.