Hanimuni yapagalimoto kuchoka ku Nsanje mpaka ku Chitipa: yankho kwa mchemwali amene wandilembera

Ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Blantyre. Ukwati wake uliko mu Ogasiti, onse awiri apatsidwa tchuthi cha masiku 10 kuntchito, ndipo bwenzi lake likufuna kuti hanimuni yawo ikhale ulendo wapagalimoto wodutsa dziko lonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Galimoto yawo ndi Sienta. Akufunsa ngati n'zotheka, komanso njira yoti adzere.

Achemwali, choyamba mafuno abwino. Kutheka n'kotheka ndithu, msewu wa M1 ulipo kuchokera ku Marka, m'boma la Nsanje, mpaka ku Songwe, m'malire ndi Tanzania. Koma ine ndikukupemphani kuti alamu athuwo muwanyengerere, ulendowu muudule. Mukafuna kugunda nsonga zonse ziwiri m'masiku 10, tchuthi chonse chithera pachiwongolero. Kungochoka ku Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300, Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi enanso pafupifupi 350, Karonga simunafike, kubwerera simunawerengere. Ndiye kumbukirani kuti mudzakhala mukuchokera paukwati. Amene anaimapo tsiku lonse pa perekaniperekani, mapazi atatupa, akudziwa kuti m'mawa mwake thupi silifuna msewu. Tsiku loyamba gonani, musanyamuke.

Chimene ndingakulangizeni ndi ichi: sankhani malo atatu okha oti mugonepo mausiku awiriawiri, mupite chodzera kunyanja, mubwerere chodzera kumtunda. Mukatero dziko mwalionabe mbali zonse, koma mwapezanso nthawi yokhala pansi n'kumacheza awiriwiri, chomwe ndicho cholinga cha ulendowu.

Yambani ndi Liwonde, kudzera ku Zomba. Ndi pafupi, simutopa. Kumalo osungira nyama kumeneko musamangozungulira pagalimoto ayi, lipirani bwato la pamtsinje wa Shire chakumadzulo. Mu Ogasiti kumakhala kouma, nyama zimatsikira kumadzi, ndiye njovu mumaziona zikumwa pafupi, mvuu zikutulutsa mphuno, ng'ona zitayasamula pamchenga. Bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa malowa kuyambira 2015, ndipo n'kuno ndi ku Majete kumene kunachokera njovu pafupifupi 500 zimene anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017.

Kuchoka apo lowerani ku Mangochi, Monkey Bay mpaka ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe. Apa ngati ndalama zilola onjezani usiku wachitatu. Malowa ali mu Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Pitani pabwato ku chilumba cha Thumbi. Mukaviika dzanja m'madzi mutafumbata kachidutswa ka buledi, tinsomba tabuluu ndi tachikasu timakuunjirirani n'kumakujomphani zala. Anyamata a bwato amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kumtengo, kuiwakha ndi zikhadabo osanyowa n'komwe mapiko. Madzulo nyali za asodzi a usipa zimandandalika panyanja. Mtengo wa bwato mugwirizane musanakwere, ndipo funsani majekete oyandamitsa, poti miyezi imeneyi mwera umatha kuwomba mwadzidzidzi.

Popita kumpoto mudzera ku Golomoti n'kulowa M5. Musadutse Mua osaima. Mishoni ya kumeneko inayamba mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akusunga zigoba za gule wamkulu zambirimbiri pamodzi ndi mbiri ya miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kwa anthu amene angolangizidwa kumene ndi ankhoswe, kuona momwe makolo ankaonera banja kumapatsa zokambirana zambiri panjira.

Tsiku limeneli ndiye lalitali, nyamukani m'mamawa. Salima, Nkhotakota, minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, mpaka ku Chintheche kapena ku Kande. Msewu malo ena ndi wopapatiza, m'mbali munadyeka, ndipo milatho ina imadutsa galimoto imodzi. Mukaona kuti dzuwa lapendeka muli ku Nkhotakota, gonani komweko. Usiku musayende chonde. Njinga za kabaza zambiri zilibe magetsi, ng'ombe ndi mbuzi zimangolowa, ndipo lole ikafera pamsewu chizindikiro chake chimangokhala nthambi za mtengo zimene mumaziona mutafika kale.

Ku Chintheche mchenga ndi woyera, anthu ndi ochepa, palibe chochita chambiri, ndipo n'chifukwa chake ndimakukonda. Lawani kondowole ndi batala wowotcha. Mukamakwera kupita ku Mzuzu mudutsa m'minda ya mitengo ya labala kufupi ndi Nkhata Bay, kumene ana amagulitsa mipira yopota ndi labala yemweyo.

Tsopano za Livingstonia ndi Nyika, poti ndikudziwa kuti alamu adzazitchula. Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, ndi kokongola, ndipo mathithi a Manchewe ali pafupi. Koma msewu wa Gorodi wokwera kuchokera ku Chitimba uli ndi makona okhota kwambiri pafupifupi 20, ndi wamiyala, si wa Sienta. Siyani galimoto pamalo ogona ku Chitimba mukwere galimoto yamphamvu ya anthu akomweko. Potsika Chiweta gwiritsani ntchito giya yaing'ono, osadalira mabuleki okha. Nyika isiyeni ulendo uno. Kuchoka ku Rumphi kudzera pachipata cha Thazima kukafika ku Chelinda ndi msewu wafumbi wa maola angapo, ndipo kumeneko kukufunika tchuthi chakechake ndi galimoto yamphamvu.

Pobwerera tengani M1 kudzera m'nkhalango ya Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, mugone ku Lilongwe. M'mawa mwake Dedza, n'kugula mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu zokayambira pakhomo latsopano. Sungani ndalama za pamanja zolipira pazipata za Kalinyeke ndi Chingeni.

Musananyamuke galimoto ikaonedwe ndi makaniko, tayala lapadera likhale lopopa, jeke ndi sipanala zikhalemo. Layisensi, inshulansi ndi COF zikhale zosatha, poti ma roadblock ndi ambiri. Mafuta thirani paliponse pamene mwawapeza thanki isanatsike pansi pa theka, chifukwa akasowa mizere yake inu mukuidziwa. Tengani neti ndi mankhwala othamangitsa udzudzu, ndipo mukasambira m'nyanja mudzapite kuchipatala pakatha miyezi iwiri kapena itatu akakuyezeni likodzo.

Chomaliza ndi ndalama. Musadalire za perekaniperekani, simukudziwa kuti zidzakhala zingati ndipo ngongole za ukwati zimayamba ndizo kudya. Khalani pansi awiri mwezi uno, mulembe mafuta, malo ogona, chakudya ndi zolipira pazipata, muwonjezerepo ina ya mwadzidzidzi. Ikapanda kukwana, chotsani Liwonde kapena Livingstonia, koma mausiku a kunyanja musawachepetse. Ogasiti alendo amachuluka, choncho imbani foni ku Cape Maclear ndi ku Chintheche musungitsiretu zipinda panopa.