Funsani Azamba: Kodi aphungu analoleza kuchotsa mimba?

Azamba,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Kawale, ndipo ndine mlembi wa gulu la amayi kumpingo kwathu. Lachinayi lapitali titamaliza mapemphero tinatsutsana mpaka dzuwa kulowa. Mayi wina akuti aphungu anavomereza kale bilu yochotsa mimba mwakachetechete. Wina akuti si aphungu koma khoti. Winanso akuti ngakhale wopita padera akafika kuchipatala amamuitanira apolisi. Ine kuchotsa mimba sindigwirizana nako, ndinene poyera. Koma pafupi ndi kwathu pali mwana wa Sitandade 8 amene anagwiriridwa ndi bambo wamkulu ndipo ali ndi pakati. Mayi ake angomutsekera m'nyumba chifukwa cha mantha. Lamulo likuti chiyani kwenikweni?

Mayi wodandaula, Kawale

Zikomo mayi. Ndiyamba ndi mwanayo, chifukwa aphungu akhoza kudikira koma mimba sidikira.

Pitani kwa mayi akewo lero, muwaperekeze ndi mwanayo ku One Stop Centre, malo othandizira ochitiridwa nkhanza, ya pa chipatala cha Kamuzu Central, kapena muyambire ku Victim Support Unit ya polisi imene muli nayo pafupi. Mukhozanso kuyimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye nthawi imeneyo inadutsa, koma mwanayo akufunikabe kuyezedwa magazi, kuunikidwa kuti tidziwe kuti mimbayo ili ndi masabata angati, komanso kulankhula ndi mlangizi. Mwana wa msinkhu umenewu chiuno chake sichinakhwime. Ndi amene tinkawaona akukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, kapena akuvutika masiku awiri ndi matenda mpaka kutsala ndi fistula, bala la m'njira yoberekera limene limachititsa mkodzo kapena chimbudzi kumangotuluka. Ndipo bamboyo akaneneredwe. Nkhani yogwirira mwana siithera pa mkeka wa ankhoswe ndi thumba la chimanga.

Tsopano za lamulo. Mayi woyamba uja sanalondole: Nyumba ya Malamulo sinavomerezepo bilu imeneyi. Lamulo limene likugwira ntchito ndi Penal Code, imene tinaitengera kwa atsamunda cha m'ma 1930. Gawo 149 likuti wochotsa mimba ya munthu wina akhoza kukhala kundende zaka 14. Gawo 150 likupereka zaka 7 kwa mayi wodzichotsa yekha, ndipo gawo 151 zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Khomo limene linasiyidwa lili pa gawo 243: dokotala salakwa akachita opaleshoni ndi mtima woona pofuna kupulumutsa moyo wa mayi.

Bilu imene anthu amakanganayi inachokera ku komiti yapadera ya Law Commission (bungwe lounika malamulo a dziko), imene inayamba ntchito mu 2013 ndi kutulutsa lipoti lake mu 2015. M'komitimo munali oweruza, madokotala, mafumu komanso a zipembedzo. Anthu ambiri amene ndimacheza nawo amaganiza kuti biluyo ikuti aliyense amene watopa ndi mimba azingopita kukachotsa. Sizili choncho. Inatchula zifukwa zinayi zokha: moyo wa mayi ukakhala pachiswe, mimba ikamaopseza thanzi lake la m'thupi kapena la m'maganizo, mwana wosabadwayo akakhala ndi chilema chachikulu choti sangakhale ndi moyo, ndiponso mimba ikabwera chifukwa chogwiriridwa, kugonedwa ndi wachibale kapena kugonedwa uli mwana. Pa chifukwa chomalizachi anaika malire a masabata 16. Umphawi kapena kufuna kupitiriza sukulu sanaziikemo, ndipo ena omenyera ufulu wa amayi anadandaula nazo.

Mipingo yambiri inakana. Mukukumbukira pa 6 Disembala 2016 pamene maepiskopi a Katolika ndi Evangelical Association of Malawi anatsogolera anthu m'misewu, kuno ku Lilongwe ulendo wake ukuloza ku Nyumba ya Malamulo. Boma silinaitengere biluyo m'nyumbamo. Ndiye mu Malichi 2021 a Matthews Ngwale, amene panthawiyo anali phungu wa Chiradzulu West komanso wapampando wa komiti ya zaumoyo, anapempha chilolezo choti aibweretse ngati phungu payekha. Anzawo anakana pempho lenilenilo, biluyo isanawerengedwe n'komwe, ndipo patapita miyezi yochepa inachotsedwa pa ndandanda wa zokambirana.

Mayi wachiwiri uja ali ndi mbali ya choonadi. Mu Okutobala 2025, bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre linagamula nkhani ya mtsikana wamng'ono amene anatenga pakati atagwiriridwa, napita kuchipatala kukapempha thandizo, n'kubwezedwa. Woweruza a Michael Tembo anapeza kuti kumubweza kuja kunaphwanya Gender Equality Act ya 2013, lamulo limene limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira chithandizo cha uchembere wabwino. Analamulanso Unduna wa Zaumoyo kuti ukonze ndondomeko zake za 2020 pasanathe masiku 180, kuti ogwira ntchito m'zipatala adziwe chochita mwana wotere akafika. Khoti silinafafanize magawo 149 mpaka 151, amenewo akadalipo. Chimene linanena n'chakuti mwana wogwiriridwa asabwezedwe pakhomo ngati kuti lamulo silikumudziwa. Choncho mayi ake a mwana wa kwanuyo ali ndi ufulu wofunsa dokotala maso ndi maso njira zonse zimene zilipo, kusunga mimba kapena ayi, ndipo mwanayo naye amvedwe. Akaona kuti akuzunguzidwa, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu osowa ndalama ya loya.

Za mayi wachitatu ndizo zandiwawa kwambiri, chifukwa mphekesera imeneyi imapha. Chithandizo cha munthu amene wapita padera, kaya mimba yachoka yokha kaya anaichotsa, ndi chololedwa ndipo chimaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma. Sindikana kuti nkhani za amayi omangidwa timazimva. Koma ntchito ya namwino ndi kuletsa magazi, kutsuka chiberekero, kupereka mankhwala ndi kusunga chinsinsi cha wodwala. Pa zaka zonse zimene ndinagwira m'wodi ya amayi, amene ankatipulumuka m'manja sanali ofika msanga. Anali aja obisidwa m'chipinda mpaka thupi kutentha, mimba kutupa, fungo kumveka pakhomo. Ndikukumbukira mtsikana wina wa sekondale amene anabwera naye pa njinga ya kabaza, atalowetsedwa kamtengo ka chinangwa kwa mayi wina wa m'mudzi. Chiberekero chinali chitabooka ndi kuola. Madokotala anachichotsa chonse kuti akhale ndi moyo. Atatsitsimuka, funso lake loyamba linali lakuti, "Anesi, mayeso ndilemba?" Za chiberekero tinamuuza tsiku lotsatira, azakhali ake ali pambali.

Mtsikana ameneyu sali yekha. Kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anayerekeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno, ndipo mwa amayi khumi aliwonse ochotsa mimbawo, asanu ndi mmodzi anakumana ndi zovuta zofunika chipatala. Zonsezi zinachitika lamulo la zaka 14 lija lili chilili.

Inu mwanena maganizo anu poyera, nane ndinene anga. Ndine wopemphera ngati inu, ndipo ndalandira ana ambiri m'manja mwangamu moti palibe angandiphunzitse kuti moyo wa khanda ndi wamtengo wapatali. Amene amakana biluyi chifukwa cha chikhulupiriro sindiwanyoza. Chimene sindigwirizana nacho ndi zimene aphungu anachita mu 2021, kukana ngakhale kukambirana. Tinawasankha kuti azikamba nkhani zovuta, osati zophweka zokha. Akanaiwerenga biluyo gawo ndi gawo, wina akanati chifukwa cha thanzi la m'maganizo n'chotakata kwambiri, tichepetse. Wina akanati masabata 16 achuluka kapena achepa. Wina akanafunsa za namwino amene chikumbumtima chake sichimulola, kuti atetezedwa bwanji popanda kumusiya wodwala pa benchi. Mafunso amenewa ndi enieni, ndipo ine ndemwe ena mwa iwo amandisowetsa tulo. Koma atatseka pakamwa, katundu yense anagwera kiliniko ofisala wa pa chipatala chaching'ono, amene ali yekha usiku ndi mwana wa zaka 13, akuyesa kumasulira yekha mawu akuti "kupulumutsa moyo" a m'lamulo lolembedwa agogo ake asanabadwe. Ambiri akachita mantha amangoti, "Pitani, kuno sitipanga zimenezo." Nyumba yomweyi inagwirizana mu 2017 kusintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Dziko lathu linavomerezanso mu 2005 Maputo Protocol, mgwirizano wa mayiko a mu Africa wa ufulu wa amayi, umene umatchula za mimba zobwera chifukwa chogwiriridwa. Sizingatheke kumutcha munthu mwana pa nkhani ya ukwati, kenako n'kumuiwala akagwiriridwa.

Chisankho cha Seputembala 2025 chinabweretsa aphungu 229, ndipo biluyi ikhoza kubwereranso kudzera kwa nduna kapena phungu payekha. Poti ndinu mlembi, pemphani lipoti la 2015 lija ku ofesi ya Law Commission kuno ku Lilongwe, muwerengere amayi anzanu zifukwa zinayi zija chimodzichimodzi, aliyense anene chimene akuvomereza ndi chimene akukana. Zimene mugwirizane, ngakhale zitasiyana ndi zanga, mulembere phungu wa dera lanu, ndipo mumufunse kuti iye adzaima pati nkhaniyi ikadzafika m'nyumbamo.