Ndilibe chosowa, nanga bwanji mtima uli zii?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anapempha kuti dzina lawo lisatchulidwe. Akuti ali pa ntchito, banja lili bwinobwino, ana akukula, koma kwa miyezi inayi tsopano palibe chimene chikuwakoma. Tulo sakupeza. Akafuna kulira amalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti ana asamve. Funso lawo ndi ili: "Zimenezi zachokera kuti, poti ine ndilibe vuto lenileni? Kapena ndangokhala munthu wosayamika?"

Achemwali, funso lanulo inenso ndinalisenzapo, ndipo linanditayitsa miyezi imene ndikanakhala ndikulandira thandizo.

Bambo anga atamwalira ndinalimba mtima mpaka anthu kumandiyamikira. Ndinabwerera ku ntchito, ndinkaseka ndi anzanga. Patatha miyezi 8, aliyense ataleka kundifunsa za malirowo, m'pamene zinandigwera. Ndinkadzidzimuka cha m'ma 3 koloko usiku, maso gwa, mpaka kunja kuyera. M'mawa wina ndinakhala m'mphepete mwa bedi, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Poyang'ana wotchi, theka la ola latha, nsapato ikadali m'manja momwemo. Sindinkalira ayi. Kungoti kuwerama n'kumanga zingwe kunkandikulira ngati kukwera phiri. Foni ikalira ndinkaigoneka chafufumimba. Za imfa ya bambo sindinaziganizire n'komwe, ndinkati zimenezo zinatha kale.

Chisoni wamba chimabwera n'kupita, ndipo mwana akachita zoseketsa umasekabe. Matenda ovutika maganizo, amene madokotala amati depression, amamanga msasa. Munthu amakhala wokhumudwa kapena wopanda chidwi ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kuposa, ndipo tulo, chilakolako cha kudya, mphamvu ndi kuganiza zimasokonekera limodzi. Inu mwatha miyezi inayi. Sindine dokotala, koma zimene mwalembazi n'zoyenera kukamuuza dokotala. Ndipo musadzione ngati wachilendo: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, akazi ochuluka kuposa amuna.

Tsono gwero lake. Apa m'pamene ambirife timasochera, chifukwa timafuna chinthu chimodzi choti tiloze chala. Ganizirani denga lodontha. Mvula imene yanyowetsa bedi lero si imene inaboola lata. Dzimbiri linayamba kale, msomali unasukusika kale, mvulayo yangoulula.

Dzimbiri lina timabadwa nalo. Kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chiopsezo cha matendawa limachokera ku mtundu. Ine nditafufuza mwakachetechete ndinamva za azakhali anga amene ankadzitsekera m'chipinda miyezi, abale n'kumangoti "ndi mmene alili". Lina limachokera ku ubwana: mwana wokulira m'mantha kapena m'nkhanza amakula ndi thupi lozolowera kukhala tcheru. Kenako pamabwera za moyo, monga imfa, ngongole, kutha kwa ntchito, mwamuna wonyoza, kapena kungosamalira aliyense zaka ndi zaka popanda wokufunsa kuti iwe uli bwanji. Mwati muli ndi ana koma simunatchule msinkhu wa wamng'ono. Ndafunsa dala, poti amayi oposa 10 pa 100 alionse oyembekezera kapena amene angobereka kumene amadwala matendawa.

Palinso za m'thupi zimene anthu saziganizira. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka, kapena magazi akachepa, munthu amatopa ndi kufooka m'njira yofanana kwambiri ndi matendawa. Shuga, HIV ndi ululu wosatha zimayendanso nawo limodzi kawirikawiri. Za mowa ndinene ndekha: ndinkamwa usiku uliwonse kuti ndigone. Unkandigonekadi, kenako n'kundidzutsa 3 koloko ija ndili woipirapo.

Nthawi zina, mukafufuza zonsezi, simupeza kanthu. Zimachitika ndithu, ndipo matendawo amakhalabe enieni. Dokotala amene anandithandiza sanadikire kuti tipeze gwero. Anandiyeza magazi, anandifunsa mafunso ambiri, n'kundipatsa mankhwala otchedwa fluoxetine. Sabata yoyamba ndinkachita nseru ndipo ndinatsala pang'ono kuwataya. Mankhwala a mtundu umenewu amatenga milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina kuposa, kuti uyambe kumva kusintha, ndipo ukapeza bwino umafunika kupitiriza kwa miyezi yosachepera 6. Osawasiya mwadzidzidzi wekha.

Si onse amafunika mapiritsi. Kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa kumathandiza zedi. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pachipatala n'kumathandiza anthu kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Kumeneko vutoli amalitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, ndipo zotsatira za ntchitoyo zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016.

Za kusayamika zija, zichotseni. Kudziimba mlandu ndi chimodzi mwa zizindikiro za matenda omwewa, ndiye mawu amene akukuuzani kuti ndinu wosayamikawo ndi matendawo akuyankhula. Wina akadzakuuzani kuti mungolimbika kupemphera, pempherani ndithu ngati mumapemphera, koma kuchipatala mupitenso. Wa malungo sitimuuza kuti asankhe chimodzi.

Chinthu china simunachitchule, koma ndifunsa mosapsatira: kodi maganizo ofuna kudzipha amakubwererani? Ngati amatero, musadikire yankho langa lina. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, mumupatse mankhwala kapena chilichonse choopsa chimene chili m'nyumba akusungireni, ndipo akuperekezeni kuchipatala.

Popita kwa dokotala, tengani imelo imene munandilemberayo. Ine tsiku loyamba ndinalowa m'chipindamo, atandifunsa chimene chandibweretsa, pakamwa panangotuluka zoti mutu ukundiwawa. Mawu akakuthawani ngati mmene anandithawira ine, ingotsegulani foni mumupatse awerenge yekha.