Musaunjike namasupuni wamuwisi pamwamba pa nsomba zanu

Mayi, mwafunsa ngati mungadzale ndiwo zamasamba pa mabedi oyandama m'dziwe la nsomba. Mabedi otero amatheka ndithu pamodzi ndi nsomba, koma chonde musawapangire m'dziwe momwe muli kale nsomba monga ndinachitira ine, chifukwa mpaka lero ndikamva fungo la namasupuni woola mtima wanga umawawa.

Inenso ndinayamba chifukwa cha vuto lomwe mwatchulalo, loti madzi akasefukira dimba limamira kwa miyezi ingapo. Bambo amene ankatiphunzitsa, yemwenso ankatigulitsa mbewu ya nsomba, anatifotokozera za alimi a ku Bangladesh, m'madera a Gopalganj, Barisal ndi Pirojpur, amene amasanja namasupuni m'miyalomiyalo, n'kumusiya kuti aole, kenako n'kudzalapo therere, nkhaka, maungu ndi bonongwe. Anatiuzanso kuti mu 2015 bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, linazindikira ulimi umenewu kukhala chuma chofunika kutetezedwa. Zonsezo ndi zoona. Chimene sanatiuze n'chakuti anthu amenewo amayala mabedi awo pamadzi otambalala a m'madambo osefukira, osati m'kadziwe kotsekeka kodzaza ndi nsomba.

Ndinapanga mabedi anayi, onse ndi namasupuni wongozula kumene, ndipo anaphimba pafupifupi theka la dziwe. Patapita masiku ochepa madzi anasiya kubiriwira n'kuyamba kuda, nsomba zinachepetsa kudya, koma nditawaimbira foni bambo aja anandiyankha kuti ndi manyowa amene akulowerera, ndisade nkhawa. Kenako kunachita mitambo masiku awiri otsatizana. M'bandakucha wa tsiku lachitatu ndinapita ndi tochi, ndipo chimene ndinayamba kumva ndisanaone kalikonse chinali kaphokoso ngati ka mvula yowaza. Zinali nsomba zanga, zonse zitabwera pamwamba, milomo ili yasa, zikulimbirana mpweya m'mphepete mwa mabedi. Ndinalowa m'madzi ndi zovala zomwe, n'kuyamba kutunga madzi ndi ndowa ndi kuwakhuthulira kuchokera m'mwamba, mwana wanga akumenya madzi ndi nsungwi, koma pamene dzuwa limatuluka zambiri zinali zitagona chagada, mimba zili mbuu. Zina ndinazipeza zitakodwa m'mizu ya pansi pa bedi, ndipo nditakankha bedi limodzi panatuluka thovu lonunkha ngati dzira loola. Zinali nsomba za mtundu wa tilapia zimene ndinazidyetsa miyezi inayi, zitangotsala pang'ono kufika pogulitsa. Milamba yochepa imene inalowa yokha m'dziwemo inali kusambira ngati palibe chachitika, poti mlamba uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja kwa madzi.

Chifukwa chake ndinachimvetsa mochedwa. Tizilombo timene timaoletsa namasupuni timagwiritsa ntchito okosijeni yemweyo amene nsomba zimapuma. Ndere zimene zimapanga okosijeni masana zimafuna dzuwa, pamene ine ndinali nditaziphimba ndi mabedi, mitambo n'kudzawonjezera. Usiku ndere nazonso zimapuma, n'chifukwa chake mpweya umatsika kwambiri kukamacha. Tilapia imayamba kuvutika okosijeni akatsika pansi pa mamiligiramu 3 pa lita imodzi ya madzi.

Chimene chimandipsetsa mtima si imfa ya nsomba yokha ayi, koma yankho la bambo aja. Atabwera anaima patali atagwira mphuno, n'kunena kuti ndinkadyetsa mopitirira muyeso, pamene muyeso wa chakudyacho anandilembera okha papepala. Asanachoke anandifunsa ngati ndikufuna mbewu ina ya nsomba. Munthu wophunzitsa anzake, amene anaona ndi maso ake ndikuunjika namasupuni wamuwisi m'dziwe n'kundiyamikira, analephera kunena mawu amodzi opepesa. Ndinamva pambuyo pake kuti sanapangepo bedi loyandama ndi manja ake, anangoziona pa kanema.

Komabe musagwe mphwayi, chifukwa chaka chotsatira mabedi omwewo ndi amene anandipatsa ndiwo pamene dimba lonse linali pansi pa madzi. Bedi lipangireni kwina, lisiyeni liole kwa masabata awiri kapena atatu mpaka pamwamba pade ngati kompositi, ndipo mukalikokera kunsomba lisaphimbe malo aakulu. Ine sindipitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a dziwe. Ngati mulibe malo ena, lipangireni m'dziwe momwemo, bola nsomba musanaike, kapena muyambe ndi milamba. Mbande muziike m'timibulu ta manyowa n'kuzikhazika pabedi zitamera kale. Namasupuni wamoyo asatsale m'madzi, chifukwa amatha kuchuluka kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha.

Pa nkhani ya kusefukira, dziwe lopanda chotchinga limataya nsomba usiku umodzi, choncho muziike m'khola la ukonde loyandama ndi migolo, lokhala ndi chivindikiro. Khola ndi mabedi omwe muzimangirire ku nsungwi zozikidwa mozama, koma chingwe chikhale chotayirira kuti madzi akamakwera zikwere nawo m'malo momizidwa. Nsabwe za m'masamba zikabwera musapopere mankhwala a mtundu wa cypermethrin, chifukwa amapha nsomba ngakhale atagwera m'madzi pang'ono chabe. Ine ndimangothyola masamba ogwidwawo.

Pezaninso munthu wodziwa woti aziona madzi anu, ngakhale ine anandipweteka ndi wotero, koma mumufunse kaye ngati anapangapo yekha. Ndipo pa masabata oyamba muzidzuka kusanache n'kupita kudziwe ndi tochi. Mukapeza nsomba zili pamwamba, siyani kudyetsa tsiku limenelo, kokani mabedi kuwachotsa, ndipo lowetsani madzi atsopano nthawi yomweyo.