Yambani ndi Bunda, kenako Dzalanyama

Achemwali, mwafunsa komwe mungakayende m'mapiri kufupi ndi Lilongwe, poti nkoyamba ndipo mukufuna kutenga ana.

Yambani ndi phiri la Bunda, pafupi ndi koleji ya zaulimi ija. Si lalitali, koma ndi thanthwe lotsetsereka, ndiye mvula ikagwa musakwere, limaterera koopsa. Pamwamba mukapeza anthu akupemphera, choncho anawo asakasokosere.

Koma ine mtima wanga uli ku nkhalango ya Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe, womwe madzi ake timamwa mumzinda muno, umachokera kumeneko. Mumayenda pansi pa mitengo ya mombo ndi masuku, mbalame zili pokopoko, ndipo cha mu Seputembala masamba ongophukira amakhala ofiira psuu. Chonde mukapeze munthu wakonko wokutsogolerani. Tinjira ta owotcha makala tachuluka ndipo timasocheretsa, ndipo zitsa zomwe asiya m'mbali mwake zimandiwawa mumtima. Msewu wopita kumeneko ndi wafumbi, m'dzinja umafuna galimoto yamphamvu.

Phiri la Nkhoma mudzapite anawo akazolowera, chakunsonga kwake nkokwawa ndi manja.

Mukalawire dzuwa lisanakwere, mutenge madzi okwanira, muvale nsapato zogwira pansi osati masilipasi. Mu Juni ndi Julayi musaiwale juzi.