Kwa achemwali okwera Sapitwa mu July: zoitanira thandizo zinthu zikavuta paphiri

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mulipo anthu 5, mukukwera Mulanje mu July ndipo mtima uli pa Sapitwa, ndiye alongo anu a ku Johannesburg akuti musankhe chimodzi akugulireni: PLB kapena Garmin inReach (zida zoitanira thandizo kudzera pa satelayiti), kapena ma flare (timiyuni toyaka mowala toitanira thandizo). Mundipirire, ndiyankha motalikirapo, chifukwa phiri limeneli ndalikwera kangapo ndipo mpaka lero ndimalipatsa ulemu.

Musanasankhe chida, dzifunseni kaye kuti mukaitana adzamve ndani, ndipo adzabwera bwanji. Ku Mulanje odzakusakani ndi anthu oyenda pansi: ma gaidi ndi onyamula katundu a ku Likhubula, m'munsi mwa phirilo, alonda a nyumba zogona za paphiripo, a zankhalango ndi apolisi. Helikoputala musaiwerengere. Ngakhale itapezeka, singayandikire matanthwe nkhungu itatseka, ndipo July ndiye mwezi wa chiperoni, mphepo yozizira ya mawawa ija yochokera ku Mozambique. Ikabwera imatha kukhala masiku angapo. Sapitwa ndi wa mamita 3,002, usiku kumagwa chisanu, ndipo dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane. Choncho chida chabwino kumeneko ndi chimene chingathandize munthu woyenda pansi, mu nkhungu, kuti akupezeni pakati pa miyala.

N'chifukwa chake ine ndimayamba ndi wezulo. Aliyense wake, osati mmodzi wa gulu lonse, ndipo akhale pakhosi kapena pa lamba wa pachifuwa, osati pansi pa chikwama. Munthu ukagwa ndi kuthyoka mwendo, chikwama chimatha kugubudukira kutali. Gulani wa pulasitiki wopanda kampira m'kati, monga Fox 40 amene oimbira mpira amagwiritsa ntchito. Wa kampira akanyowa amalira mofooka, wachitsulo amazizira pamlomo.

Ulendo wina tikutsika ku Sapitwa kubwerera pa nyumba yogona ya Chisepo, nkhungu inatipeza masana ndithu. Mnzathu mmodzi anatsalira kumanga nsapato, ndipo atadzuka sanaonenso zizindikiro za penti wofiira za pamiyala zija. Tinakuwa mpaka mawu kusasa, koma mphepo inkangowamwaza, ena n'kumabwerera kuchokera kumatanthwe ngati akuchokera kwina. Chimene chinatithandiza ndi wezulo wa gaidi wathu ndi wa mnzathuyo. Iye anakhala pansi pomwe anali, n'kumaimba, gaidi n'kumatsata kulirako. Sanali kutali n'komwe, koma pamaso sitikanamuona.

Kaimbidwe kake kalipo. Kumapiri a ku Ulaya amaimba ka 6 pa mphindi imodzi, kupuma mphindi imodzi, kenako kubwereza, ndipo womva amayankha ka 3. Ku America ambiri amangoimba ka 3 motsatizana. Musalimbane nazo kuti zolondola n'ziti: gwirizanani ndi gaidi wanu musananyamuke ku Likhubula. Chachikulu, mukamva yankho musasiye kuimba, chifukwa akukusakaniwo akutsata phokosolo. Ndipo musayende. Kusochera kwenikweni kumayamba pamene munthu wayamba kufunafuna njira yekha mu nkhungu, maphompho ali mbali zonse.

Chachiwiri ndi tochi ya pamutu, aliyensenso yake, ndi mabatire apadera okulungidwa mu pulasitiki. Usiku mumaithwanimitsa monga mmene mumaimbira wezulo. Tochi ya pafoni siiwerengedwa, ikungokutherani batire limene mudzalifune poimba. Kagalasi konyezimiritsa dzuwa n'kopepuka, tengani ngati mwakapeza, koma mu chiperoni kalibe ntchito.

Chimene anthu ambiri amaiwala ndi thumba lalikulu la pulasitiki la mtundu wa olenji, lija munthu amalowamo thupi lonse. Limagwira ntchito ziwiri: limaoneka patali pakati pa miyala yotuwa, komanso limakutchingirani mphepo ndi mawawa pamene mukudikira. Paphiri paja chimene chimapha msanga ndi kuzizira. Mu July 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasowa pa Sapitwa atapitirira yekha wopanda gaidi, ndipo thupi lake linapezeka mu August patapita pafupifupi masabata atatu, atafa ndi kuzizira. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowanso komweko, sanapezeke mpaka lero. Sindikunena izi kuti ndikuopseni, koma kuti mudziwe kuti kuitana thandizo n'kumodzi, kukhala wamoyo mpaka thandizolo lifike n'kwinanso. Majekete akuda, obiriwira ndi otuwa amakubisani. Wina aliyense akhale ndi kanthu kowala.

Ma flare aiwaleni. Anapangidwira panyanja, amayaka pafupifupi mphindi imodzi basi, mu nkhungu saoneka patali, ndipo m'ndege saloledwa. Choopsa kwambiri n'chakuti nyengo imeneyo udzu wa pamwamba umakhala utayamba kuuma. Moto wolusa wawononga kale mkungudza wambiri, mtengo wa fuko lathu umene watsala pang'ono kutheratu, ndipo motowo ukhoza kukutembenukirani inu nomwe. Maganizo oyatsa tchire kuti anthu aone utsi, chonde musakhale nawo.

Tsopano pa ziwiri zodulazo. PLB ndi kachida kamene mukakanikiza batani kamatumiza chizindikiro pa 406 MHz kupita ku ma satelayiti a Cospas-Sarsat, pamodzi ndi malo amene muli. Ubwino wake, simulipira mwezi ndi mwezi, batire lake limakhala zaka zisanu kapena kuposa lisanasinthidwe, ndipo mukakayatsa kamatumiza kwa maola osachepera 24. Koma n'kosalankhula. Sikanena ngati wina wathyoka mwendo kapena gulu lonse lasochera, ndipo inu simudziwa ngati wina wanyamuka kudzakutengani. Kamayeneranso kulembetsedwa m'dziko limene nambala yake inapangidwira, ndiye uthenga umadutsa m'maofesi angapo usanafike kwa munthu wa ku Likhubula amene angakwere phirilo.

Garmin inReach imadzera pa ma satelayiti a Iridium, imafuna kulipira pamwezi ndi kutchaja, koma mumalemba uthenga n'kulandira yankho. Kwa ife kuno ine ndingasankhe imeneyi. Mukhoza kulembera mwachindunji munthu amene mwamusiya kumunsi kuti: tili pamwamba pa Chisepo, mmodzi wavulala bondo, tikufuna anthu omunyamula. Uthenga wotere umadzutsa anthu oyenera nthawi yomweyo. Ilinso ndi batani la SOS zikafika poipa. Alongo anu ailipirire ndi kuitsegula isanabwere, inu muiyese muli pabwalo kunyumba, ndipo anthu awiri pagulu adziwe kuigwiritsa ntchito. Imafuna kuona thambo, ndiye m'mapanga ndi m'mipata ya miyala ya ku Sapitwa uthenga umachedwa kutuluka, muziika poyera. Za malamulo olowetsera zida zotere m'dziko, funsani a MACRA nthawi ikadalipo.

Foni tengani, koma netiweki paphiri imapezeka pena, pena ayi. Pamene kuimba kukukanika, SMS nthawi zina imadutsa. Poyenda izimitseni netiweki, isungeni m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi chifukwa chisanu chimamaliza batire, ndipo tengani power bank. Zija zoti ma iPhone atsopano amatumiza SOS pa satelayiti zimagwira m'mayiko owerengeka, musazidalire kuno.

Musanakwere lembetsani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, tengani gaidi wolembetsedwa, ndipo pa Sapitwa musamusiye ngakhale mutaona ngati akukuchedwetsani. Siyani munthu mmodzi kunyumba ali ndi pepala: mayina anu, mukugona kuti tsiku lililonse, nambala ya gaidi, ndi ola limene akapanda kumva za inu ayambe kuimbira anthu. Mlonda wa pa Chisepo mumuuzenso nthawi imene mukuyembekeza kubwerera. Nyamukani m'mamawa, ndipo mugwirizane ola lobwerera, kaya mwafika pansonga kaya ayi. Gaidi akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero ayi, mverani.

Ndiye alongo anuwo auzeni inReach imodzi ya gulu lonse, ndipo pa ndalama yomweyo awonjezere mawezulo 5, matochi a pamutu 5 ndi matumba a olenji 5. Ngati ndalama singakwane zonse, ayambe ndi zing'onozing'onozo. Mundiuze kuti mukudzera njira iti pokwera, ya Skyline kapena ya Chapaluka, ndikuuzeni za madzi ndi mogona.