Ndalembetsa mpikisano wa bass, koma ndinazolowera nyongolotsi

FUNSO: Achimwene, ine ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu, koma ndinakulira ku Chintheche, komwe mbedza ndinayamba kuigwira ndisanayambe sukulu. Mnzanga wa kuntchito ali ndi boti la injini, ndiye wandilembetsa mpikisano wowedza nsomba zija amati bass pa damu lina la kumapiri a Viphya mu Seputembala. Bass yo ndinangoiona pa foni. Ndigule chiyani, nanga ndikachite bwanji kuti ndisakachite manyazi? M'thumba simuli bwino kwenikweni.
Mwana wa Kunyanja, Chibavi

YANKHO: Mphwanga, kudekha komwe munaphunzira kunyanja pitani nako, komanso chala chija chodziwa kumva chingwe. Chitini cha nyongolotsi chokha chitsale kunyumba. Mipikisano yambiri ya bass imaletsa nyambo yamoyo, choncho musanagule kalikonse pemphani pepala la malamulo ndipo muliwerenge kawiri. Kawirikawiri mupeza kuti pa sikelo amalola nsomba zisanu zokha, iliyonse yosachepera masentimita 30 kapena muyeso womwe aika, ndipo amapambana ndi amene zake zalemera kuposa za anzake. Mukachedwa kufika pa sikelo amakulangani. Mukabweretsa yakufa amakulanganinso.

Apa pa yakufapa ndi pomwe ana a kunyanja timagwera. Ine ulendo wanga woyamba ndinakola zinayi 9 koloko isanakwane, mtima uli m'mwamba. Ndinaziponya m'ndowa ngati chambo chopita nacho kumsika, ndowayo ili padzuwa, ine ndili kalikiliki kufuna yachisanu. Pofika masana ziwiri zinali gada, mimba zoyera zili m'mwamba, makha atauma gwa. Wa sikelo anangozikankhira pambali ndi cholembera, osayankhula. Munthu amene anabwera ndi titatu tamoyo anandiposa. Nditafika kunyumba n'kufotokoza kuti zamoyozo tazibwezera m'madzi, mayi anga anagwira pakamwa: "Petulo yense uja, ndiwo n'kutaya?" Mwambowu unachokera ku America, kwawo kwa nsombayi. Ray Scott anachititsa mpikisano wake woyamba pa Beaver Lake ku Arkansas mu 1967, ndipo mu 1972 bungwe lake la B.A.S.S. linayamba kulimbikitsa kuti nsomba zizibwerera m'madzi zamoyo. Kale sizinali choncho. George Perry atagwira ya makilogalamu 10 ku Georgia mu 1932, rekodi yomwe anthu akuitchulabe mpaka lero, banja lake linaidya. Mayi anga akanagwirizana naye ameneyo.

Ndiye funsani mnzanuyo ngati boti lake lili ndi thanki yosungira nsomba zamoyo. Ngati mulibe, pezani kula bokosi yaikulu, muiike pamthunzi, muzitaya madzi ena n'kuthira atsopano pafupipafupi. Kapampu ka batire kopopera mpweya kamathandiza kwambiri. Musanagwire nsomba nyowetsani manja, chifukwa dzanja louma limachotsa kuterera komwe kumaiteteza ku matenda. Lowetsani chala chachikulu m'kamwa mwake n'kupana mlomo wa m'munsi. Siluma, mano ake ali ngati sandipepala, amangokala khungu. Ikakhala yaikulu, dzanja linalo lichirikize mimba.

Tsopano za kumene imakhala. Kawirikawiri bass siyenda m'chigulu pakati pa madzi ngati usipa kapena utaka. Ndi chigawenga chobisalira panjira. Imaima pa chitsa, pansi pa mtengo wogwera m'madzi, m'mphepete mwa bango, pamiyala, kudikira kansomba, chule kapena nkhanu kuti idutse. Pamalo pomwe mtima wanu ukuti "apa mbedza ikodwa," ponyani pomwepo. Mwezi wanuwo ndi wabwino. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukatha, madzi akafunda kufika madigiri 16 mpaka 18, zimabwera kosaya kudzaswana, ndipo yamphongo imasesa chisa pansi n'kumachilondera mwaukali. M'mawa yambani kumtunda kosaya. Dzuwa likakwera, tsatani mthunzi ndi madzi akuyako pang'ono.

Zogula musachulutse. Ndodo imodzi ya mamita awiri, yokhala ndi rilo (kachipangizo kokulungira chingwe) yolendewera pansi ija, ndi chingwe chopirira makilogalamu 5 kapena 6, basi. Rilo yokhala pamwamba, yomwe akatswiri amanyadira, ilekeni kaye. Mukaphonya kuipana ndi chala chingwe chimasanduka chisa cha mpheta, inu n'kutha theka la ola mukumasula anzanu akukola. Nyambo gulani mapaketi awiri a nyongolotsi zapulasitiki, zobiriwira moderako ndi zakuda, mbedza za saizi 3/0, ndi timitovu tosongoka ngati chipolopolo. Onjezani spinnerbait imodzi, ya tizitsulo tozungulira tonyezimira, yoti muponye mphepo ikavundula madzi. Zina mnzanuyo akubwerekani. Eni maboti amakhala ndi mabokosi a nyambo zomwe sanazinyowetsepo.

Kamangidwe ka nyongolotsi yapulasitikiyo amati Texas rig, ndipo n'kosavuta. Lowetsani kamtovu ku chingwe, nsonga yake iloze kundodo, kenako mangani mbedza. Bayani nyongolotsi kumutu, tulutsani mbedza pafupi pomwepo, ikokereni mpaka mutu ufike pa diso la mbedza, itembenuzeni, ndipo nsonga muikwirire m'thupi la nyongolotsiyo. Ikhale yowongoka ngati pensulo. Yopindika imapota chingwe. Popeza nsonga yabisika, imadutsa m'nthambi osakodwa. Mfundo phunzirani imodzi yokha, ya Palomar, muziimanga mpaka muzitha ndi zala zozizira, ndipo muziinyowetsa ndi malovu musanakoke. Madzulo mukaweruka ikani beseni pabwalo, muziponyeramo kuchokera patali. Ana a neba aseka, asiyeni.

Mukaponya, isiyeni imire mpaka pansi. Nyamulani ndodo pang'ono, dikirani, nyamulaninso. Oyamba kumene amakoka msangamsanga ngati akuthawa mvula, pomwe nsomba zambiri zimadya nyambo ikumira kapena ili phee. Mumva kakuti "tiki" kamodzi, mwina osamva kanthu koma kuona chingwe chikuyenda chokha cham'mbali. Tsitsani ndodo, kulungani chingwe cholendewera, ndipo kokani ndi mphamvu, chifukwa mbedza iyenera kuboola pulasitiki isanaboole mlomo. Ikadumpha n'kumapukusa mutu, lozetsani ndodo kumadzi, chingwe chikhale chokungika. Chikangolefuka, yapita.

Dzazani zisanu kaye, ngakhale zongokwana muyeso. Zikakwana ndiye muyambe kusaka zazikulu, mukagwira ina muzibwezera yaing'ono kwambiri. Ndipo musamasinthe nyambo mphindi khumi zilizonse. Ndaonapo anthu akutha tsiku mitu ili m'bokosi.

M'boti ndinu mlendo. Malo anu ndi kumbuyo, musamaponye modutsa chingwe cha mwini wake, ndipo ya petulo mupereke asanakufunseni. Jekete yoyandamitsa valani injini ikangolira, ngakhale mumasambira ngati katumbu. Madzi a kumapiri amazizira mwa mtundu wina, ndipo munthu wovala juzi ndi nsapato amalemera. Tengani chipewa, magalasi ochotsa kunyezimira kwa madzi, tiyi mu fulasiki ndi mbatata yophika. Ngati njira yanu ndi M1 ya ku Chikangawa, mukudziwa nkhungu ya m'bandakucha ndi malole a matabwa. Kuli bwino mukagone pafupi ndi damulo. Wotchi yanu muifananitse ndi ya wa sikelo, ndipo muyambe kubwerera kudakali mphindi 20.

Chimodzi ndikupemphani ngati mwana mnzanga wa kunyanja. Wina adzakunong'onezani kuti mutenge tiwiri tamoyo mukaike m'dziwe lanu. Kanani. Nsombayi ndi yachilendo kuno ndipo imadya chilichonse chokwana m'kamwa mwake. Dziwe likasefukira imalowa mumtsinje, ndipo mitsinje ya kuno kwathu imathera m'nyanja momwe muli chambo ndi mbuna zanu za ku Chintheche.

Mukabwerako mundilembere. Za nambala yomwe mwathera musavutike nazo, mungondiuza ngati chala chachikulu chakalika.